Mwana wa Kunyumba ya Abusa

"Ndamuona ndi maso angawa, bambo a Temwa! Musandiuze kuti ndalota ayi."

Emily anatula beseni la usipa pakhonde mwamphamvu, usipa wina n'kumwazikira pansi. Mwamuna wake, Shadrick Mhone, anali atangofika kuchokera kusitolo ya zitsulo kumene ankagwira ntchito m'tauni. Anali akumasula zingwe za nsapato, ndipo sanadzutse mutu.

"Wamuona, ndiye? Kuona mwana wako ndi mlandu?"

"Lachiwiri m'mawa! Anzake ali m'kalasi, wanga ali pamsika, khanda la amayi busa kumsana, thumba la makala pamutu. Ndamufunsa kuti, 'Temwa, sukulu bwanji?' Wangozyolika ngati wagwidwa akuba."

"Tsitsa mawu, NyaManda. Pano ndi pa Mchengautuwa, ukatsokomola woyandikana naye nyumba amakupepesa."

"Amve! Amve onse mpaka ku Geisha! Pamene munkamutenga mwana wanga pa Khirisimasi kukamusiya kwa abusa ku Chibanja munati chiyani? Munati akaleredwe m'nyumba ya mapemphero, akaphunzire kuopa Mulungu, sukulu azipita ngati kale. Mawu anu omwewa. Lero mwana wa Fomu 2, mayeso a boma ali pakhomo, akusenza makala."

Shadrick anavula nsapato yachiwiri, naiika bwinobwino pambali pa inzake. Anali munthu wokonda dongosolo, ndipo chimusankhireni kukhala mkulu wa mpingo mwezi wathawo, ngakhale kayendedwe kake kanasintha.

"Vuto lako ndi limeneli," anatero. "Umaona makala, suona khalidwe. M'mera mpoyamba. Taona atsikana a m'dera muno. Wa Fomu 1 ali ndi foni, wa Fomu 3 ali ndi mimba. Ukufuna Temwa akulire m'matope amenewa? Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine kwathu ku Nkhata Bay ndinakulira kwa amalume, ndinkatunga madzi, ndinkapalasa bwato, kodi ndinafa?"

"Amalume anu ankakuletsani sukulu?"

"Tsiku limodzi lokha wamuona!"

"Tsiku limodzi limene ine ndaona. Nanga amene sindinaone?"

"Abusa a Msowoya anasankha mwana wathu pakati pa ana a mpingo wonse. Ena akadavina. Iwe ukulira ngati kwagwa maliro. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, abusa amadziwa zimenezo kuposa iwe ndi ine."

"Ngati ndi wawo yemwe, bwanji awo aja amapita ku pulaiveti pagalimoto, wanga n'kumatsuka mbale zimene adyera?"

Shadrick anaimirira, nalowa m'nyumba. Ali pakhomo anatembenuka.

"Usakandichititse manyazi kwa abusa, wamva? Ndangolowa kumene m'sesheni, bwalo la akulu a mpingo. Munthu sanyoza dzanja limene lamudzoza."

Emily anagwada n'kuyamba kutola usipa m'fumbi.

*

Emily sanamvere. Lachisanu anasiyira mnzake benchi lake pamsika, nakwera kabaza kupita ku Chibanja. Kunali kamvula kowaza kaja ka Mzuzu kamene sikanyowetsa msanga koma kamalowa m'mafupa. Kuseri kwa nyumba ya abusa zingwe zitatu zinali zodzaza ndi zovala, ndipo Temwa anali atawerama pa beseni lalikulu, akuchapabe.

Amayi busa, a Deborah, anatuluka atavala juzi lokhuthala, kapu ya tiyi m'manja.

"Ee, monire amama! Mwatiyendera lero? Temwa, tatengera amayi ako mpando. Mwana wanuyu ndi golide, ndikukuuzani. Wolimbikira chomene. Ndimauza azimayi onse kuti mwana wa a Mhone adzasunga banja."

"Yewo, amayi busa. Koma ine ndabwera kudzafunsa za sukulu. Lero ndi Lachisanu."

Nkhope ya a Deborah sinasinthe. Kumwetulira kunangouma pomwepo.

"Aa, lero lokha. Tinali ndi alendo a chitsitsimutso sabata yonse, mukudziwa nyumba ya abusa ndi nyumba ya aliyense. Lolemba apita."

"Lachiwirinso sanapite."

"Amama, sukulu ndi yabwino, ife sitikana. Koma satifiketi siilowetsa munthu kumwamba. Alipo angati a madigiri amene mabanja awo anatha? Pano mwana akuphunzira kudzichepetsa, kutumikira, kulandira alendo. Zimenezi ku sekondale kulibe. Ndiye musamamusokoneze mutu, mungamuchotsere dalitso lake."

Khanda linalira m'nyumba, a Deborah n'kulowa. Emily anathamangira kwa mwana wake, namugwira manja. Anali ozizira ngati nsomba, zala zosweka ndi sopo.

"Temwa, ndiuze zoona. Unapita liti komaliza kusukulu?"

Mtsikanayo anayang'ana kukhomo kaye.

"Teremu ino ndapitako masiku ochepa, amama. Aphunzitsi anati ndikafuna kumabwera ngati mlendo ndingokhala."

"Bwanji osandiuza?"

"Amayi busa anati wodandaula potumikira mtumiki wa Mulungu amadziitanira tsoka. Anati ngakhale inu mukhoza kudwala chifukwa cha pakamwa panga." Misozi inayamba kutsika. "Ine sindikufuna mudwale, amama."

Emily anamva ngati wina wamuthira makala amoto pachifuwa. Ankafuna kukankha beseni lija, kumukoka mwanayo, kutuluka naye pageti anthu onse akuona. Koma ankamudziwa mwamuna wake. Akanamubweza Temwa tsiku lomwelo, atagwira nkhuku yopepesera.

"Pukuta misozi," anatero. "Ine sindidwala. Amene adwale ndi ena."

*

Madzulo amenewo mkangano unabuka ngati sunaleke.

"Unapitako! Ndinakuletsa, unapitako!" Shadrick anamenya tebulo. "Amayi busa andiimbira foni ndili kuntchito. Akuti mkazi wanga wakawafunsa mafunso ngati wapolisi."

"Akuuzani kuti mwana wanu sukulu analeka?"

"Sanaleke. Ana amakokomeza akafuna kubwerera kwa amayi awo."

"Akuuzani kuti amamuopseza ndi matenda anga? Chimenecho ndiye Chikhristu chimene munamutumizira? Ine amayi anga anandiphunzitsa kupemphera tili m'munda wa chinangwa, sanandiuzepo kuti Mulungu ndi chiopsezo cha ana."

"Samala pakamwa pako, NyaManda."

"Pakamwa panga ndasamala miyezi isanu, taonani pamene pandifikitsa. Inu, bambo a Temwa, mumachoka kuno m'mawa, kubwera madzulo, Loweruka sesheni, Lamulungu tchalitchi. Munakhalapo naye pansi mwanayu tsiku limodzi kumuuza za Mulungu ndi pakamwa panu? Yayi. Munaona kuti ndi ntchito, mwakaitula kwa abusa ngati katundu wa pa depoti. Abusanso aitula kwa akazi awo. Akazi awo aitula pa beseni."

Mawuwo anamulasa Shadrick. Kenaka anaseka mwaukali.

"Chabwino. Tisamalimbane ngati ana. Loweruka la mawa lija ana a kalasi akuyesedwa kuti alowe mumpingo ndi kuyamba kudya mgonero. Temwa ali pagulu lomwelo. Ine ndikhala kutsogolo pamodzi ndi akulu anzanga. Udzabwere udzamve wekha mmene mwana woleredwa m'nyumba ya abusa amayankhira. Akadzayankha, udzapita kukagwada kwa amayi busa kupepesa."

"Akadzalephera?"

"Sangalephere. Amadya ndi abusa, amagona m'nyumba ya abusa. Nkhuku yogona m'nkhokwe ingafe ndi njala?"

"Ingafe," anatero Emily, "ngati aimanga mlomo."

*

Mumpingo mwawo mwambo wake unali wotere: ana amene akhala akuphunzira kalasi chaka chonse amakhala pamabenchi akutsogolo, akulu a mpingo amakhala patebulo moyang'anana nawo, makolo kumbuyo. Mwana aliyense amaimirira payekha, akulu n'kumufunsa za chikhulupiriro. Woyankha bwino amalandiridwa. Wolephera amabwereza kalasi.

Loweruka limenelo tchalitchi chinadzaza. Ana anavala zoyera, tsitsi lopesa bwino. Shadrick anali atavala jekete lake latsopano, atakhala pakati pa abusa a Msowoya ndi a Jasper Kamanga, mkulu wa mpingo wokalamba amene ankaphunzitsa kalasilo. Emily anakhala kumbuyo, maso ali pakhomo. Temwa panalibe.

Ana anayesedwa mmodzimmodzi. Ena anayankha ngati wailesi, ena anachita chibwibwi, makolo n'kumaseka chamumtima. Atatsala pang'ono kutha, Temwa analowa chothamanga kudzera kukhomo lam'mbali. Bulauzi yake yoyera inali ndi mwaye paphewa. Anali akuchokera kuseri kwa tchalitchi kumene ankaphika chakudya cha akulu a mpingo omwewo.

Dzina lake litaitanidwa, abusa anakweza dzanja.

"Uyu tisatayepo nthawi, akuluakulu. Ndi wa m'nyumba mwanga, ndikumudziwa ine. Apite, walandiridwa."

Akulu ena anagwedeza mitu. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma Shadrick anayang'ana kumbuyo, naona mkazi wake, ndipo mtima wofuna kupambana unamukwera. Anaimirira, nakonza jekete.

"Pepani abusa. Ndikupempha kuti afunsidwe ngati anzake, ndipo ndimufunse ndine. Pali anthu ena muno amene amakayika za phindu lolera mwana m'nyumba ya mtumiki wa Mulungu. Lero amve okha."

"A Mhone, palibe chifukwa..." abusa anayamba.

"Chilipo, abusa. Temwa, imirira bwino. Tauza mpingo, mgonero umene ukufuna kuyamba kudyawu tanthauzo lake n'chiyani?"

Temwa anayang'ana zala zake.

"Usaope, mwana wanga. Chabwino, tiyambe ndi chophweka. Malamulo khumi aja, lachinayi limanena za chiyani?"

"Sindikudziwa, adada."

Kamnyamata kena pabenchi kanaseka, amayi ake n'kukatsina.

"Sukudziwa bwanji? Ana a Sande sukulu amadziwa zimenezi! A Kamanga sanakuphunzitseni?"

A Jasper Kamanga anavula magalasi, namuyang'anitsitsa mtsikanayo.

"A Mhone, musandinamizire ine. Mwana uyu m'kalasi mwanga ndinamuona chaka chatha, akukhala kwanu. Chaka chino sanapondemo. Ndinafunsa, anandiuza kuti akuphunzira kunyumba kwa abusa. Ine ndani kuti nditsutse?"

Anthu anayamba kunong'onezana. Shadrick anatembenukira kwa mwana wake.

"Temwa, kalasi imakhala Lamulungu masana. Umakhala uli kuti?"

"Ndimakhala ndikutsuka mbale za alendo, adada."

"Nanga mapemphero a m'mawa?"

"Ndimatsala ndi mwana. Amalira m'tchalitchi."

"Madzulo abusa akamapemphera ndi banja lawo?"

"Ndimakhala ndikuwotcha madzi osamba." Kenaka, ngati munthu amene waona kuti palibenso choti ataye, anadzutsa mutu. "Adada, chichokereni kwathu sindinalowepo m'tchalitchi muno nthawi ya mapemphero. Lero ndi loyamba. Nyimbo ndimazimvera kukhitchini."

"Lamulo lachinayi," anatero a Kamanga pang'onopang'ono, osayang'ana munthu, "ndi lija lonena za tsiku lopuma. Limati apume mwini nyumba, apume mwana, apumenso ngakhale wantchito."

Abusa a Msowoya anatsokomola, naimirira, manja atatambasula.

"Abale, tisakulitse nkhani. Mwanayu wachita mantha basi. Chikhristu si kuloweza mawu ayi, ndi ntchito. Utumiki umene wachita m'nyumba mwanga ndi kalasi yokwanira. Ine monga m'busa ndikuti alandiridwe. Tipitirize."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akulu a mpingo anayang'anana, wina anayang'ana kudenga, wina anayamba kufufuza m'thumba chinthu chimene munalibe. Palibe anatsutsa.

Nthawi yomweyo a Deborah, amene sanamve chilichonse cha izi, anasuzumira pakhomo lam'mbali.

"Temwa! Iwe Temwa! Sunathebe? Nyemba zikupserera kuno!"

Ndipo Temwa, osaganiza n'komwe, anatembenuka kuti athamange. Thupi lake linali litazolowera mawu amenewo kuposa mawu a bambo ake. Chimenechi ndicho chinamuthyola Shadrick. Osati kuseka kwa anthu, osati mawu a a Kamanga, koma kuona mwana wake akudumpha ngati kagalu koitanidwa ndi likhweru.

"Ima pomwepo!" anakuwa.

Temwa anaima.

"Zipserere."

"A Mhone," abusa anatero motsitsa, "kumbukirani pamene muli."

"Ndakumbukira, abusa. Ndili patebulo loyesa ana. Mwana uyu walephera, ndipo salandiridwa. Mukamulandira lero ndiye kuti tikunamiza Mulungu pamaso pa ana onsewa. Ndinakupatsani mwana wodziwa kupemphera kuti mumuonjezere. Mwandibwezera wodziwa kuphika nyemba."

"Mukunyoza kudzoza, a Mhone!" anatero mkulu wina.

"Kudzozako kuchape kokha matewera!" Emily anakuwa ali kumbuyo. Anali ataimirira kale, akudutsa pakati pa mabenchi, chitenje chikukwekwereka. Azimayi ena anagwira pakamwa, ena anawerama kubisa kuseka. Anamugwira Temwa padzanja. "Tiye kwathu. Zovala zako adzatenga adada ako, ndi amene anazipititsa."

Shadrick anatola chipewa chake patebulo, nawatsatira. Palibe mkulu ndi mmodzi yemwe amene anamuyang'ana kumaso.

*

Mawa lake analengeza m'tchalitchi kuti a Shadrick Mhone ayamba apuma pa udindo wawo mpaka sesheni itakambirana za khalidwe lawo. Za khalidwe la wina aliyense sanalengeze.

Lolemba m'mawa Shadrick anapempha chilolezo kuntchito, naperekeza Temwa kusukulu. Yunifolomu inali itamukhwepa. Ali panjira anakumana ndi Timothy, mnzake wa mukwaya, akukankha njinga.

"Mwawuka uli, a Mhone? Pepani ndi zija za Loweruka." Timothy anayandikira, natsitsa mawu. "Koma tandiuzani, ndiye kuti malo aja kwa abusa atseguka eti? Ndimaganiza za Wezi wanga. Wayamba kuyankha amayi ake mwamwano, akufunika nyumba ya mapemphero."

"Wezi ali kalasi yanji?"

"Sitandade 8."

"A Timothy, munalipo Loweruka. Munamva ndi makutu anu. Mwana wanu musiyeni alembe mayeso. Za Mulungu muuzeni nokha pakhomo panu, ngakhale muzichita chibwibwi."

Timothy anaseka, nakwera njinga yake.

"Aa, a Mhone, inu zanu zinakanika, musatitsekere ife madalitso. Ana amasiyana."

Shadrick anamuyang'ana mpaka anakhota. Anafuna kutukwana, koma mwana anali pambali pake.

Kuofesi, aphunzitsi aakulu, mayi wa imvi zochepa, anamvetsera nkhani yonse osamudula. Atatha anapukusa mutu.

"Bambo Mhone, tinatumiza uthenga kangapo konse kuti kholo libwere. Amayi busa ankayankha kuti iwo ndiwo kholo, ndipo mwana akudwaladwala. Inu munali kuti?"

Mayiyo sanadikire yankho, anapitiriza.

"Temwa anali m'gulu la ana anga anzeru kwambiri. Koma wataya pafupifupi materemu awiri. Mayeso ayamba posachedwapa. Ndikamulowetsa m'chipinda cha mayeso ndiye kuti ndamutumiza kukagwa. Abwere Sepitembala, adzayambirenso Fomu 2."

"Madam, chonde. Ndimuphunzitsa ndekha, madzulo aliwonse..."

"Madzulo amenewo mukadayamba kale, bambo."

Anatuluka. Panja anzake a Temwa anali pamzere, akulowa m'kalasi ndi makope m'manja. Mmodzi anamukwezera dzanja, Temwa sanabweze. Anayenda ndi bambo ake mpaka pageti. Pamenepo anaima.

"Adada."

"Ee, mwana wanga."

"Kalasi ya kutchalitchi ndibwereza. Fomu 2 ndibwereza. Amayi busa apeza wina wowachapira. Inu sesheni idzakukhululukirani." Sanalire. Anangomuyang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. "Nanga ine chaka changa akandibwezere ndani?"

Shadrick Mhone, munthu amene sankasowa mwambi pa nkhani iliyonse, anafufuza m'mutu mwake monse. Sanapezemo ndi umodzi womwe.